Yotamu ndi Mayi wa pa Mwala Womaliza

Mvulayi sikata msanga, ndiye khalani pansi, mukankhire chikunicho pamoto, ndikuuzeni za mlongo wanga Yotamu. Inu mumangomuona akudutsa ndi alendo kulowera m'nkhalango umu, mumati ndi munthu wosakonda kuyankhula. Sanabadwe choncho ayi. Zimene ndinenezi, zina anandifotokozera yekha, zina ndinaziona ndi maso angawa.

Kwathu tinabadwa awiri, ine woyamba, iye wachiwiri. Yotamu anakulira m'nkhalango ya Ntchisi ino. Mbalame iliyonse ankaidziwa ndi kulira kwake, isanaoneke n'komwe. Atakula anayamba kuperekeza alendo odzaona nkhalango, ndipo m'menemo ndi mmene anakumanirana ndi mzungu wina wofufuza za mbalame. Mzunguyo anamukonda, namupempha kuti apite naye kukamuthandiza ntchito ku zilumba za kutali kwambiri, pakati pa nyanja yamchere ya Pasifiki. Yotamu anauza amayi kuti akakhalako miyezi isanu ndi umodzi. Anakhalako zaka khumi ndi zinayi.

Chilumbacho ankati Loamera. Anthu ake ndi akuda ngati ife, amalima zilazi, nthochi ndi chinangwa, ndipo nyanja amaidziwa monga ife timadziwira minda yathu. Kumeneko Yotamu anakwatira mkazi dzina lake Leimara, mwana wa a Kalmet, mkulu wina amene anali ndi boti la injini. Ntchito ya mbalame itatha, mzungu anabwerera kwawo, Yotamu anatsala. Kawiri pa sabata sitima yaikulu ya alendo inkaima patali pang'ono ndi gombe. A Kalmet ankakatenga alendo pa boti lawo, ndipo Yotamu ndi mkazi wake ankawatsogolera kukwera mtunda.

Njira yake inali imodzi. Ankayamba ndi munda wa kokonati, kenako n'kulowa m'nkhalango momwe mileme ikuluikulu ngati nkhuku inkalendewera m'mitengo. Ankafika pa dziwe la madzi obiriwira, oti ukaponya singano uiona pansi, alendo n'kusambira. Akachoka apo ankadutsa pa mtengo wa kachere waukulu kuposa tchalitchi chathu. Mapeto a ulendo anali pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja, pamene panali bwinja la mudzi wakale. M'mphepete mwa phompholo munali miyala yoimikidwa mondanda, yofika m'chiuno, yonse yoyang'ana kunyanja.

Nkhani ya miyalayo Yotamu ankaifotokoza kwa alendo ulendo uliwonse. Kalekale kunabwera chombo, chinanyengerera anyamata ndi atsikana a m'mudzimo kuti akwere akaone katundu. Atakwera, chinanyamuka nawo kupita ku minda ya nzimbe ya dziko lina. Makolo awo ankakwera paphompho tsiku ndi tsiku kuyang'ana kunyanja. Aliyense anaimika mwala pamene ankakhala. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe anabwerera. Makolowo anatha kufa, mudzi unasamukira kugombe, miyala inatsala.

Panali lamulo limodzi limene Leimara anamuphunzitsa tsiku loyamba. Munthu akafika ndi alendo pamiyalapo, asananene kanthu kena kalikonse, ayenera kuima n'kunena mokweza m'chiyankhulo cha pachilumbacho kuti: "Si anu awa. Ndi alendo, angodutsa."

"Chifukwa chiyani?" Yotamu anafunsa.

"Akamva mapazi ambiri akukwera, amayesa ndi ana awo," Leimara anayankha. "Uziwauza msanga, asanayambe kusangalala."

Yotamu anaseka tsiku limenelo, koma mawuwo sankawaphonya. Alendo ankawakonda, ena mpaka ankawajambula pa foni.

M'chaka cha khumi ndi chimodzi Leimara anadwala miyezi iwiri namwalira. Mwana analibe. Ife kuno tinati basi, tsopano abwera. Koma ndikamuimbira ankangoti, "Chaka cha mawa, achemwali." Chaka chikatha, mawu omwewo. Pambuyo pake anadzandiuza kuti zinthu ziwiri zinkamumanga miyendo. Choyamba, manda a mkazi wake. Ankawasesa Loweruka lililonse, ndipo sankaona mmene angawasiyire. Chachiwiri, manyazi. Bambo athu anamwalira iye ali konko, sanabwere kudzaika. Ankadzifunsa kuti akafika kuno adzayamba ndi mawu ati.

Nthawi imeneyo n'kuti amayi athu maso atachita khungu. Ankatuluka m'mawa, n'kupapasa mpaka pansi pa mtengo wa mango wa kumsewu uja, n'kukhala nkhope atalozetsa kumene magalimoto amachokera. Tsiku lina ndinatopa nazo. Ndinawaika foni pakamwa, ndinati, "Amayi, muuzeni nokha mwana wanu." Anayankhula, ine n'kujambula mawuwo, n'kumutumizira.

Pachilumbapo foni inkagwira malo amodzi okha: pamwamba pa phompho, pamiyala paja.

Linali Lachiwiri masana. Yotamu anakwera ndi alendo asanu ndi anayi. Atangoponda pabwinja, asanatsegule pakamwa, foni inanjenjemera m'thumba. Anaona dzina langa. Anayesa ndi uthenga wa maliro. Anauza alendo kuti ayambe ajambula nyanja, iye anapatuka, nakaima pafupi ndi mwala womaliza kumapeto kwa mzere, n'kuika foni kukhutu.

"Yotamu, ndine," mawu a amayi anatero. "Maso anatha, mwana wanga, koma makutu alipo. Galimoto ikaima pamsewu ndimamvetsera mapazi a amene watsika. Ako ndikuwakumbukirabe. Kodi uli kuti?"

Yotamu anaiwala kuti ndi mawu ojambula. Anaiwala alendo, anaiwala pamene waima. Anayankha mokweza, misozi ili m'maso: "Ndine, amayi. Ndine mwana wanu. Ndili pano."

Akuti mphepo ya paphomphopo siileka chaka chonse, koma nthawi imeneyo inaleka. Mbalame zinati zii. Ndiye pafupi ndi bondo lake, pamene panali mwala, munthu anapuma mpweya wautali, ngati mayi amene watula mtolo wa nkhuni umene wachoka nawo kutali.

Anatembenuka. Panalibe munthu. Alendo anali uko, akusekerera kamera. Apa m'pamene anakumbukira, nanena mawu aja mothamanga: "Si anu awa, ndi alendo." Koma anadziwa yekha kuti wanena za alendo. Za iye mwini anali atanena kale zina.

Lachisanu atakweranso anapeza njira yoseseka. Kuchokera pa kachere mpaka pabwinja, masamba onse anali atakankhiridwa m'mbali, ndipo padothi pankaoneka mizere ya tsache. Mlendo wina anayamikira kuti anthu a pachilumbachi ndi aukhondo. Yotamu anangomwetulira. Kumtundako sikunkakhala munthu, ndipo pobwerera atafunsa kumudzi za amene wasesa, aliyense anakana.

Kenako kunyumba kwake kunayamba kusowa zinthu. Inayamba ndi kapu yachitsulo imene ankamwera tiyi. Anaifuna pena paliponse, n'kuganiza kuti mwina waiiwala m'boti. Patapita masiku awiri, malaya ake abuluu anasowa pachingwe, zopanira zili pomwepo, zotsekeka bwinobwino. Kenako chipeso. Kenako mkeka umene ankakhalira pakhonde. Wakuba wanji wosiya wailesi n'kutenga chipeso chothyoka mano?

M'njira namo munasintha. Iye ankakonda kuyenda pambuyo pa alendo potsika, kuti wina asatsale. Anayamba kumva kuti akaima, phazi limodzi limapondanso pambuyo pake, kenako n'kuima. Phazi lopanda nsapato, lopepuka. Akacheuka, masamba okha.

Tsiku lina ali padziwe, mayi wina wachikulire mwa alendowo anamuyandikira akupukuta tsitsi.

"Agogo aja ndi abale anu?" anafunsa.

"Agogo ati, mayi?"

"Amene amakutsatirani aja. Aafupi, ovala zamasamba m'chiuno. Ndimayesa ndi mbali ya chionetsero. Njira yonse amakuchotsani tizinyalala kumsana." Mayiyo anaseka. "Amakukondanitu. Nkhope sindinaione bwino, amangoyang'ana inu."

Yotamu anawerenga alendo ake. Anali asanu ndi awiri, monga anatsikira m'boti. Anawawerenganso kachiwiri, mpaka mayi uja anasiya kuseka.

Tsiku lomwelo atafika pamwamba, anasiya alendo akujambula, iye n'kuzungulira kuseri kwa mwala womaliza, kumene kunali tchire. Tchirelo linali litalambulidwa, malo okwana kanyumba kamodzi. Pakati pake panali mkeka wake, woyalidwa bwino. Malaya abuluu anali opindidwa kumutu. Kapu ndi chipeso zinali pambali. Ndipo patsamba la nthochi panali chilazi chowotcha, chosendedwa kale. Anaika dzanja pamwamba pake. Chinali chofunda. Moto panalibe, ngakhale phulusa.

Madzulo, atasiya alendo kusitima, anawauza a Kalmet zonse ali m'boti awiriwiri. Mkuluyo anazimitsa injini, boti n'kumangoyandama.

"Wadya?" anafunsa.

"Ayi, apongozi."

"Usadye."

"Mwala womaliza uja ndi wa ndani?"

A Kalmet anayang'ana phompholo. "Dzina lawo linaiwalika. Agogo anga ankati anali mayi wamasiye, wa mwana mmodzi yekha. Anzawo atatopa n'kusamukira kugombe, iwo anakana kutsika. Ankati mwana akabwera adzafikira kumene anawasiya. Anthu ankawapititsira chakudya mpaka tsiku limene anapeza chadzulo chisanakhudzidwe."

"Koma ine ndinayankhula Chichewa. Anamva bwanji?"

"Mwana akamaitana mayi ake, chiyankhulo n'chachiyani?" a Kalmet anatero. "Usakwerenso. Alendo tiziwatembenuzira padziwe."

Yotamu anavomera. Kwa masabata awiri alendo ankathera padziwe. Koma apa ndi pamene mlongo wanga anandiuza chinthu chimene sanauzepo munthu wina. Anati, "Achemwali, mantha ndinali nawo, koma si mantha okha. Chimwalirireni Leimara, panalibe amene anandipindirapo malaya. Panalibe amene ankadziwa ngati ndafika kapena sindinafike."

Ndiye anayamba kukwera yekha, masiku opanda sitima, dzuwa lili pamutu. Poyamba ankangoima patali n'kuyang'ana. Kenako anakhala pamphepete pa mkeka. Chakudya chinkakhalapo nthawi zonse, nthawi zina chilazi, nthawi zina nsomba yokulunga m'masamba, koma sankachikhudza. Tsiku lina anagona chagada, natseka maso. Anamva wina akukhala pansi kumutu kwake, mawondo akulira ngati a munthu wokalamba. Kenako chipeso chinayamba kuyenda m'tsitsi mwake, pang'onopang'ono. Munthuyo ankaimba ndi mphuno kanyimbo ka mawu atatu okha, kobwerezabwereza. Yotamu sanatsegule maso. Anagona tulo timene anali asanagonepo zaka zitatu.

Kuyambira pamenepo ndikaimba foni sankayankha. Mauthenga ankaonetsa kuti afika, chifukwa anali pamwamba pomwepo, koma sankawatsegula. Manda a Leimara anamera udzu. A Kalmet akuti ankamuona akutsika madzulo tsitsi lili lopesedwa bwino, koma thupi likutha, maso akuyang'ana kupyola munthu. Anamukalipira, anamunyengerera, anamuitanira abusa. Yotamu ankangoti, "Ndili bwino, apongozi. Sindikudya kanthu kumeneko."

"Ndiye kunonso sukudya," a Kalmet anatero. "Tsiku lina njala idzakusankhira."

Mwezi wotsatira kunabwera gulu la alendo khumi amene anaumirira kuti akaone miyala. Anali ataimva mbiri yake, ndipo mmodzi mwa iwo, bambo wachikulire wa khungu lakuda wochokera kudziko la nzimbe lija, anati agogo a agogo ake anatengedwa ku zilumba zomwezi, sadziwa chiti. Anafuna akangoima pamalo otero kamodzi asanafe. A Kalmet sanathe kumukaniza. Anauza Yotamu kuti, "Ukafike, ukanene mawu, mukatsike. Sitima inyamuka faifi koloko."

Anakwera bwino. Pamwamba Yotamu ananena mawu aja, ndipo sanayang'ane kumwala womaliza. Bambo uja anagwira mwala uliwonse ndi dzanja, akulira mwakachetechete, anzake atavula zipewa. Itakwana thuu koloko anayamba kutsika.

Anadutsa pa kachere, nalowa njira ya kudziwe. Anayenda mphindi makumi awiri, ndipo kutsogolo kwawo kunaoneka mtengo waukulu. Unali kachere yemwe uja. Alendo anaseka, nati wotsogolera wasochera. Yotamu anasekanso nawo. Koma njira imeneyo anali ataiyenda zaka khumi ndi zinayi, ndipo inalibe mphambano.

Anayambanso. Ulendo uno ankathyola nthambi m'njira. Anayenda motsetsereka nthawi yonse, aliyense ankamva m'mawondo kuti akutsika. Anatulukira pa kachere. Nthambi zimene anathyola zija zinali zitaunjikidwa bwino patsinde pake, zomangidwa ndi luzi ngati nkhuni.

Palibe anasekanso. Mtsikana wina anayamba kulira. Kachitatu atafikanso pamtengo womwewo, madzi akumwa anali atatha, ndipo bambo wachikulire uja anakhala pansi atagwira pachifuwa, milomo itayera. Mkazi wake anati mankhwala ake a mtima anatsala m'sitima.

Yotamu anayang'ana njira yokwera kubwinja. Inali yoseseka, yowala, ngati pakhomo pa munthu amene akuyembekeza mlendo. Anamvetsa kuti alendowo palibe amene akuwafuna; wofunidwa anali iye.

Anaitana mwamuna wina wamphamvu pagulupo. "Mumugwirize bamboyu. Mutsate njira yomweyi, mufika padziwe, kenako m'munda wa kokonati. Boti mulipeza pagombe."

"Tayenda katatu njira imeneyi!"

"Ulendo uno mufika. Ine nditsala."

Anakhala pansi patsinde pa kachere. Alendo atangoyenda pang'ono, phokoso la mathithi a padziwe linamveka, pafupi kwambiri, ngati linali pomwepo nthawi yonseyi. Anamvetsera mpaka mawu awo anazimirira, kenako anadzuka n'kukwera.

Pabwinja panali bata. Kuseri kwa mwala womaliza kunali kutasintha: pamwamba pa mkeka panali denga la masamba a kokonati, lolukidwa kumene, pa mitengo inayi. Chakudya chinali chambiri kuposa masiku onse. Fungo lake linamulowa mpaka m'mafupa, pakuti anali asanadye chichokereni dzulo lake. Anakhala pamkeka. Anamva wina akukhala pafupi naye, phewa lowonda likutsamira pa lake. Ananyema chilazi. Anachikweza mpaka pakamwa.

Pamenepo zala zinamugwira kumaso. Zinali zouma, zozizira, zonjenjemera. Zinayenda pamphumi, pamphuno, m'masaya, zikufufuza. Ndipo kwa nthawi yoyamba anamva mawu, otsika ngati mphepo ya m'bango, akutchula dzina.

"Tarisu. Tarisu."

Dzinalo linatchulidwa mwachikondi choti Yotamu anatsala pang'ono kuvomera. Pakamwa panali patatseguka kale. Koma silinali lake. Mwini dzinalo anafera kutali, m'minda ya eni, mwina nayenso akunena kuti chaka cha mawa. Ndipo Yotamu anaona m'maganizo mwake mtengo wa mango wa kumsewu kuno, ndi munthu wokhala pansi pake.

Anabwezera chilazi patsamba. Anagwada, nayankhula m'chiyankhulo cha pachilumbacho, maso ali pansi.

"Mayi, ndikhululukireni. Ine si Tarisu. Dzina langa ndine Yotamu, kwathu ndi kutali, kuseri kwa nyanja iyi ndi ina. Tsiku lija ndinkayankha mayi anga ondibala. Ali moyo, sakuona, amakhala pamsewu kundidikira monga inu mumakhalira pano. Mwandisamala, ndipo ine ndinalola chifukwa ndinkafuna. Ndinakunamizani. Ndikadya chakudya chanuchi, iwo adzafa akudikira."

Zala zija zinaima pa tsaya lake. Zinakhala pomwepo nthawi yaitali. Kenako zinachoka, chimodzichimodzi.

Kulira kumene kunatsatira, Yotamu amakana kukufotokoza. Amangoti sikunali kokweza. A Kalmet ali kugombe akuti sanamve kanthu, koma anaona mileme yonse ya m'nkhalango ikuuluka masana, thambo mpaka kuda. Yotamu anakhala chogwada mpaka kunatha. Sanatenge kapu, malaya kapena mkeka. Anatsika, ndipo njira inamulola.

Anapeza a Kalmet atabwerako kusitima, atakhala pamchenga. Bambo wodwala uja anali atafika bwino, nalandira mankhwala ake. Mkuluyo anamuyang'ana mkamwini wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wawauza?"

"Ndawauza."

"Ndiye pita kwanu, mwana wanga. Leimara ali pakati pa abale ake, sali yekha. Manda ake ndizisesa ndine."

Patapita masabata atatu Yotamu anatsika ndege ku Lilongwe. Sanatiuze tsiku. Akuti m'minibasi yobwera kuno anthu anadzaza mpaka pakhomo, koma malo a pambali pake palibe anakhalapo. Mayi wina wobereka mwana anafika pomwepo, nayang'ana, nati, "Pepani agogo," n'kukadzipanikiza kumbuyo. Yotamu anangoyang'ana pawindo ulendo wonse, osayerekeza kutembenuka.

Zotsalazi ndinaziona ndekha. Linali Lachinayi, cha m'ma folo koloko. Ndinali pakhonde ndikusankha nyemba, amayi ali pansi pa mango. Minibasi inaima pamsewu, inatsitsa munthu, inapita. Ine ndinangoona bambo wowonda, wa imvi m'mbali, ndi chikwama chimodzi. Sindinamuzindikire. Koma amayi anali ataimirira kale, ndodo itagwa pansi.

"Yotamu," anatero. Sikunali kufunsa.

Iye anaponya chikwama, nathamanga, nagwa pamapazi awo. Mawu onse amene ankawaopa aja sanafunike. Amayi anamugwira mutu, akungoti, "Wawonda, wawonda," ine ndikulira, anthu oyandikana nafe akuthamangira. Tinalowa nawo pabwalo, tinawakhazika pakhonde.

Phokoso litachepa, amayi anatembenuzira nkhope kuchipata.

"Nanga anzangawo mwawasiyiranji pamenepo?" anafunsa.

Ndinayang'ana. Pachipata panalibe munthu. Ndinati, "Ndani, amayi?"

"Mayi amene wabwera nawo Yotamu. Aima pamenepo chifikireni. Fanesi, ulemu unapita kuti? Tenga mkeka."

Ndinayang'ana mlongo wanga. Anandigwedezera mutu kuti ndichite. Ndinayala mkeka pafupi ndi amayi. Amayi anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Fikani, fikani, pano ndi panu." Ndinaona ndi maso anga mkekawo ukupindika pang'ono pakati, ngati pakhala munthu. Pakhondepo panamveka fungo limene sindinalidziwe; Yotamu anadzandiuza kuti ndi la madzi amchere.

Mlendo wosaonekayo anakhala masiku atatu. Amayi sanapitenso kumsewu. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, nkhope atatembenuzira kumkekawo, nthawi zina akuyankhula motsitsa, nthawi zina akumvetsera n'kumagwedeza mutu. Yotamu akamadutsa ankamuitana. "Tabwera, khala apa, akuone bwino." Iye ankakhala pakati pawo. Amayi ankamuuza kuti adye pomwepo, aseke, afotokoze za ulendo wake, awatchule kuti amayi mobwerezabwereza.

Tsiku lachiwiri ndinalephera kupirira. Ndinawanong'oneza kuti, "Amayi, kodi akufuna kumutenga?"

"Ayi," anatero. "Akudziwa kuti ndi wanga. Akuti amangofuna aone mmene zimakhalira mwana akabwera."

"Mukumvana bwanji?"

Amayi anandiyankha ngati ndafunsa zachibwana. "Tagwira ntchito imodzi zaka zambiri, ine ndi iwo."

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinapeza amayi atadzuka kale, atakhala okha pakhonde, manja ali pamiyendo. M'masaya munali monyowa.

"Pinda mkekawo," anatero. "Apita."

Ndinaunyamula. Pansi pake panagwa mchenga woyera, wosalala ngati ufa, woti kuno kumapiri sungaupeze. Yotamu anatuluka m'nyumba, nauyang'ana, nagwada n'kuyamba kuuwola ndi manja ake awiri.

"Apita kuti, amayi?" anafunsa.

Amayi anatambasula dzanja, napapasa mpaka anapeza phewa lake, naligwira zolimba.

"Kukadikira wawo," anatero.